Albrecht von Graefe: dokotala amene ankayeza maso ndi choko pa bolodi

M'zipatala zina za maso m'mayiko osiyanasiyana, masiku ano wodwala amavekedwa kumutu chipangizo cha virtual reality, chonga chija achinyamata amavala posewera magemu a pakompyuta. Wodwalayo amauzidwa kuti ayang'anitsitse kadontho kamodzi kapakati osagwedeza diso. Kenako timagetsi ting'onoting'ono timaphethira apa ndi apo, kena kowala kwambiri, kena kozimirira, ndipo nthawi iliyonse akaona kuwala amadina batani lomwe wagwira m'manja. Pakatha mphindi zingapo kompyuta imatulutsa mapu osonyeza mbali zomwe diso likuona bwino ndi mbali zomwe zinafa kale mwini wake osadziwa.

Chipangizochi n'chatsopano, koma kayezedweka kali ndi zaka pafupifupi 170. Amene anakalowetsa m'chipatala ndi dokotala wa ku Berlin dzina lake Albrecht von Graefe, ndipo zida zake zinali bolodi lakuda ndi kachidutswa ka choko. Anamwalira ali ndi zaka 42 zokha, atagwira ntchito ya maso kwa zaka pafupifupi 20, koma zambiri zomwe dokotala wa maso amachita lero mukakhala pampando wake zinadutsa m'manja mwa munthu ameneyu.

Mwana wa dokotala

Graefe anabadwa pa 22 May 1828 ku Berlin, lomwe nthawi imeneyo linali likulu la ufumu wa Prussia, dziko la Germany lomwe tikulidziwa lero lisanapangidwe. Bambo ake, a Karl Ferdinand von Graefe, anali dokotala wotchuka wa opaleshoni, wodziwika pokonza mphuno zowonongeka komanso kusoka m'kamwa mwa ana obadwa ndi mng'alu. Banjali linali lolemera, ndipo izi n'zofunika kuzikumbukira chifukwa chuma chimenechi n'chomwe chinadzamulola mnyamatayu kuchiza amphawi ulere.

Mu 1840 bambowo anaitanidwa ku Hannover kuti akachite opaleshoni ya maso a mwana wa mfumu ya kumeneko, yemwe anali wosaona. Anamwalirira komweko. Mwana wa mfumuyo anadzakhala Mfumu George V ya Hannover ndipo anakhala wosaona moyo wake wonse. Albrecht anali ndi zaka 12.

Kusukulu anali wanzeru zoopsa, makamaka pa masamu. Analowa yunivesite ya Berlin ali ndi zaka 15 ndipo mu 1847, asanakwanitse zaka 20, anali atalandira kale digiri ya udokotala. Nkhani ya maso sinali m'mutu mwake. Inamugwira ali paulendo, monga ankachitira madokotala achinyamata a nthawiyo omwe anali ndi ndalama zoyendera. Ku Prague anakumana ndi Ferdinand Arlt, dokotala wa maso yemwe anamuonetsa kuti diso likhoza kuphunziridwa mwadongosolo ngati chiwalo china chilichonse. Atachoka kumeneko anakaphunzira kwa Julius Sichel ndi Louis-Auguste Desmarres ku Paris, kwa Friedrich Jaeger ku Vienna, kenako ku London komwe anaona ntchito ya William Bowman pachipatala cha maso cha Moorfields. Ku London komweko mu 1851 anadziwana ndi Franciscus Donders wa ku Utrecht m'dziko la Netherlands, ndipo ubwenzi wawo unatha ndi imfa.

Atabwerera kwawo anatsegula kachipatala kake m'zipinda zochepa mumsewu wa Behrenstrasse, n'kulengeza m'nyuzipepala kuti osauka odwala maso azithandizidwa kwaulere. Anthu anakhamukirako. Posakhalitsa anasamukira m'nyumba yaikulu mumsewu wa Karlstrasse, ndipo chipatalachi chinakula mpaka kukhala ndi mabedi oposa 100. Sichinali cha boma kapena cha yunivesite. Olemera ankalipira, ndipo ndalama zawozo pamodzi ndi za m'thumba mwake n'zomwe zinkagonetsa ndi kudyetsa osauka.

Kuona m'kati mwa diso la munthu wamoyo

Kuti timvetse mwayi womwe Graefe anali nawo, tiyambe ndi funso lomwe ana amafunsa: n'chifukwa chiyani pakati pa diso, pamene timati mwana wa diso, pamaoneka pakuda? Pamenepo ndi pabowo polowera kuwala. Kuwala kukalowa kumagunda kumbuyo kwa diso n'kubwerera njira yomweyo kumene kunachokera. Inu mukasuzumira m'diso la mnzanu, mutu wanu womwe umatchinga kuwalako, n'chifukwa chake mumangoona mdima. Foni ikajambula ndi fulashi maso a anthu nthawi zina amatuluka ofiira, chifukwa kamera ndi getsi zili pamzere umodzi, ndipo kufiirako ndi kumbuyo kwenikweni kwa diso.

Mpaka chaka cha 1850 panalibe dokotala yemwe ankatha kuunika bwinobwino kumbuyo kwa diso la munthu wamoyo. Wodwala akanena kuti sakuona koma diso lake likuoneka loyera bwino, madokotala ankangolemba dzina limodzi la matenda pa onse, ngakhale kuti zifukwa zake zinali zambirimbiri. Kumapeto kwa chaka chimenechi Hermann von Helmholtz, mphunzitsi wachinyamata pa yunivesite ya Königsberg, anasanja timagalasi mopendeka kuti kuwala kwa nyali kuzilowa m'diso la wodwala pamzere womwewo womwe woyezayo akuyang'anira. Anafalitsa zimenezi mu 1851. Chipangizochi ndi ophthalmoscope, kholo la katochi kaja adokotala amakuunikirani nako m'maso.

Madokotala ena akuluakulu anachikayikira, ena mpaka kuopa kuti kuwalako kuwononga maso odwala. Graefe anali m'gulu la oyamba kuchitenga n'kumachigwiritsa ntchito tsiku lililonse. Mwadzidzidzi ankatha kuona retina, kansalu kopyapyala kakumbuyo kwa diso komwe kamalandira chithunzi, mitsempha ya magazi yoyenda pamenepo, komanso mutu wa mtsempha waukulu womwe umanyamula zomwe diso laona kupita nazo ku ubongo. Chilichonse chomwe ankaona chinali chachilendo, ndipo ankalemba osatopa. Mu 1854, ali ndi zaka 26, anayambitsa magazini ya madokotala a maso yotchedwa Archiv für Ophthalmologie, ndipo gawo lalikulu la buku loyamba analemba yekha. Arlt ndi Donders anadzalowa nawo ngati akonzi. Magaziniyi ikutulukabe mpaka lero ndipo imadziwika ndi dzina lake.

Pa chinthu chimodzi chachikulu analakwitsa. Poyang'ana maso a odwala glaucoma, anagwirizana ndi Eduard Jaeger wa ku Vienna kuti mutu wa mtsempha uja umatupa n'kutukuka ngati kachulu. Zoona zake zinali zosiyana: pamalopo pamakumbika ngati kambale. Chomwe chinawapusitsa n'chakuti pachipangizo cha Helmholtz munthu ankayang'ana ndi diso limodzi, ndipo diso limodzi silisiyanitsa bwino dzenje ndi chulu. Amene anazindikira cholakwikacho mu 1855 anali Adolf Weber, wophunzira wake yemwe. Graefe anavomera poyera m'magazini yake yomweyo, ndipo Heinrich Müller wa ku Würzburg anadzatsimikizira za dzenjelo pong'amba maso a anthu omwalira. Kuvomera kumeneku kunali ndi phindu, chifukwa dzenje limatanthauza kuti pali china chomwe chikukankha mtsemphawo kuchokera m'kati mwa diso. Apa ndi pomwe Graefe anatsimikiza mtima kuti gwero la glaucoma ndi kukwera kwa presha ya madzi a m'diso.

Bolodi ndi choko

Tikamati munthu amaona bwino, ambiri timaganiza za kuwerenga zilembo zing'onozing'ono pa tchati cha kuchipatala. Kumeneko ndi kuona kwa pakati. Koma pamene mukuwerenga nkhaniyi pafoni, mukuonanso zala zanu, khoma, mwina munthu amene akudutsa pambali, ngakhale simukuziyang'ana. Kuona kwa m'mbali kumeneku n'komwe kumakupulumutsani ku njinga ya kabaza yomwe yatulukira chakumanzere, komanso kumakuthandizani kutsika masitepe osayang'ana mapazi.

Diso lililonse lili ndi malo amodzi omwe silionapo kanthu, pomwe mtsempha uja umatulukira. Edme Mariotte wa ku France anaonetsa zimenezi m'zaka za m'ma 1660, ndipo mukhoza kudziyesa pompano. Tsinzinani diso lakumanzere, tambasulani manja onse kutsogolo mutaimika zala zazikulu moyandikana. Ndi diso lamanja yang'anitsitsani chala chakumanzere, ndipo pang'onopang'ono sunthirani chala chamanja chakumanja. Zala zikatalikirana pafupifupi masentimita 15, nsonga ya chala chamanja izimiririka, kenako n'kuonekanso mukapitiriza kusuntha. Chodabwitsa n'chakuti pamalopo simuona chibowo chakuda. Ubongo umangodzazapo ndi mtundu wa khoma lakumbuyo. Umu ndi mmenenso umabisira malo omwe matenda awononga, ndipo n'chifukwa chake munthu akhoza kutaya gawo lalikulu la kuona kwake iye n'kumalumbira kuti maso ake ali bwino.

Asayansi ankadziwa za kuona kwa m'mbali Graefe asanabadwe, koma anali iye amene anaona kuti n'chida chopezera matenda. Mu 1856 analemba nkhani yaitali ya mmene ankayezera. Ankakhazika wodwala patsogolo pa bolodi, n'kumutseka diso limodzi, n'kumuuza kuti ayang'ane chizindikiro chapakati. Kenako ankasuntha choko kuchokera m'mphepete kulowera pakati, kuchokera kumwamba, pansi ndi m'mbali zonse, ndipo pamene wodwala wanena kuti wachiona ankaikapo kadontho. Akalumikiza madonthowo pankatuluka mapu.

Atayeza anthu ambiri anaona kuti mapuwo sangobwera mwachisawawa. Matenda ena amadya kuchokera m'mphepete mpaka munthu kutsala ngati akuyang'anira m'paipi. Ena amabowola pakati penipeni n'kusiya m'mbali muli bwino. Ena amafufuta theka lomwelo, lamanja kapena lamanzere, m'maso onse awiri, ndipo zikatere vuto silili m'diso koma mu ubongo, monga zimachitikira ena akadwala sitiroko. Anaonanso kuti glaucoma imayamba kudya m'mbali, kawirikawiri chakumphuno, munthu akadawerengabe bwinobwino. Kotero dokotala wa maso, pongogwiritsa ntchito choko, ankatha kuloza komwe kuli vuto m'mutu mwa munthu, zaka zoposa 100 makina a sikani asanabwere.

Ena anadzawongola njirayi. Richard Förster wa ku Breslau anapanga chitsulo chopindika ngati uta kuti kuona kwa m'mphepete kwenikweni kuziyezeka bwino. Jannik Bjerrum wa ku Copenhagen mu 1889 anabwereranso ku chinsalu chakuda chachikulu ndi timadontho ting'onoting'ono, n'kupeza malo akufa opindika omwe ndi chizindikiro cha glaucoma yoyamba kumene. Hans Goldmann wa ku Bern mu 1945 anapanga chimbale chozungulira chomwe wodwala amalowetsamo nkhope, ndipo m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 makompyuta anatenga ntchitoyi kudzera m'makina monga Octopus ndi Humphrey. Kuyeza kodziwika kwambiri pa makina a Humphrey kumafunsa malo 54 pa diso lililonse. Makinawa ndi aakulu, odula, amafuna chipinda chamdima ndi magetsi odalirika, komanso wodwala ayenera kukhala tsonga chibwano chili pa chitsulo. Zipangizo za virtual reality zikuyesa kuchotsa zopinga zimenezi: zimalowa m'chikwama, zimayendera batire, zimaonetsa diso lililonse chithunzi chakechake kotero safunika kumata diso linalo, ndipo wodwala wogona pabedi akhoza kuyezedwa. Akatswiri akuziyerekezabe ndi makina akale kuti aone ngati zotsatira zake zikufanana mokwanira. Funso lomwe zimafunsa wodwala ndi lomwe lija la choko.

Opaleshoni yomwe inamutchukitsa

Pa nthawi ya Graefe, kuuzidwa kuti uli ndi glaucoma kunali kuuzidwa kuti ukhala wosaona. Madokotala ena akale anali ataona kuti diso lotere limalimba ngati mwala ukalikhudza ndi chala, koma mankhwala panalibe. M'diso mumapangidwa madzi oyera nthawi zonse, osati misozi ayi, ndipo amatulukira m'timipata tomwe tili pakona pomwe gawo loonekera la kutsogolo kwa diso limakumana ndi iris, kachikopa kozungulira mwana wa diso komwe mwa ife ambiri n'kofiirira. Timipatati tikatsekeka madzi amachuluka, presha imakwera, ndipo mtsempha wopita ku ubongo umafa pang'onopang'ono. Ukafa sudzukanso.

Graefe anayamba n'kuboola diso ndi singano kuti madzi atuluke. Wodwala ankapeza mpumulo ndipo ankaona bwinoko, koma patapita masiku ochepa diso linkalimbanso. Komabe izi zinamuphunzitsa kuti kutsitsa presha kumathandiza. Anali ataonanso kuti odwala ena omwe anawadula kachidutswa ka iris pa zifukwa zina, maso awo ankafewa pambuyo pake. Mu 1856 anayesa kudula kachidutswa kotere pa diso la glaucoma yoopsa, ija imabwera mwadzidzidzi ndi ululu wosaneneka, diso lofiira, mutu, kusanza ndi kuona utawaleza kuzungulira nyali. Ululu unatha, diso linafewa, ndipo kuona kunapulumuka. Atabwereza kwa odwala ena, anafalitsa zotsatira zake mu 1857 ndipo anakazifotokoza pa msonkhano woyamba wa madokotala a maso a mayiko osiyanasiyana ku Brussels chaka chomwecho. Kwa nthawi yoyamba m'mbiri, mtundu umodzi wa glaucoma unali ndi chithandizo.

Tiyenera kukumbukira mmene opaleshoni inkachitikira. Mankhwala ochititsa dzanzi odontheza m'diso kunalibe. Anabwera mu 1884, Graefe atamwalira kale, pomwe Carl Koller wa ku Vienna anaonetsa kuti cocaine amapha ululu wa diso. Maikulosikopu ya opaleshoni kunalibe, nyali yamagetsi kunalibe, ndipo nkhani ya tizilombo toyambitsa mafinya inali isanamveke bwino. Dokotala ankadalira kuwala kwa pawindo, othandizira ogwira mutu wa wodwala, ndi dzanja losanjenjemera.

Chinthu china chomwe olemba mbiri yake ena amadumpha n'chakuti Graefe sankadziwa bwino chifukwa chomwe opaleshoni yakeyo inkagwirira ntchito. Kayendedwe ka madzi a m'diso kanadzafotokozedwa ndi wophunzira wake Theodor Leber mu 1873, ndipo panapita zaka zina zambiri madokotala asanamvetse kuti kabowo ka pa iris kamangopereka njira yachidule kwa madzi omwe atsekeredwa kumbuyo kwake. Lero kabowo komweko amakabowola ndi leza m'mphindi zochepa. Iye mwini anaonanso kuti opaleshoniyi sinkathandiza kwenikweni pa glaucoma yachete, yopanda ululu, yomwe imadya kuona kwa zaka zambiri, ndipo analemba zimenezi mosabisa.

Apa ndi pomwe nkhani yake imatikhudza ife. Glaucoma yacheteyi ndi yomwe imapezeka kwambiri mwa anthu akuda a mu Africa, imayamba msanga kuposa mwa azungu, ndipo imayenda m'magazi: ngati kholo kapena m'bale wanu ali nayo, mwayi woti inunso muli nayo ndi waukulu. Padziko lonse glaucoma ndiyo imatsogola pa khungu losabwezeka. Anthu ambiri amaisokoneza ndi ng'ala n'kumadikira kuti ikhwime kuti akachotse, koma ng'ala ikachotsedwa munthu amaonanso, pomwe zomwe glaucoma yadya zapita. Mankhwala odontheza, leza kapena opaleshoni zimangoteteza zomwe zatsala. Munthu wa zaka 40 kapena kuposa, makamaka amene kwawo kuli wina wosaona, ayenera kupimitsa presha ya m'maso ndi kuunikitsa mtsempha uja ngakhale asakumva kupweteka kulikonse. Chipatala cha maso cha Lions Sight First pa Queen Elizabeth ku Blantyre, nthambi ya maso pa Kamuzu Central ku Lilongwe ndi chipatala cha Nkhoma ndi ena mwa malo odziwika pa ntchito ya maso, ndipo pachipatala cha boma cha m'boma lanu ogwira ntchito za maso akhoza kukuonani n'kukutumizani koyenera. Mankhwala oyamba odontheza otsitsa presha anabwera m'zaka za m'ma 1870, ndipo amene anayambitsa kugwiritsa ntchito pilocarpine pa glaucoma ndi Adolf Weber yemwe uja anakonza cholakwika cha mphunzitsi wake.

Zina zomwe anapeza

Mu 1859 Graefe anaunika diso la munthu yemwe anasiya kuona mwadzidzidzi, n'kuzindikira kuti kachibulumwa katseka mtsempha waukulu wa magazi wa retina. Mu 1860 anafotokoza kuti mutu wa mtsempha wa diso ukatupa m'maso onse awiri, chikhoza kukhala chizindikiro cha chotupa mu ubongo, ndipo mpaka lero ndi chifukwa chake dokotala amaunika m'maso munthu amene akudandaula mutu wosatha. Mu 1864 anaona kuti odwala ena a chithokomiro akayang'ana pansi chikope chapamwamba chimatsalira, chizindikiro chomwe ophunzira udokotala amachiloweza ndi dzina lake.

Pa ng'ala, anasintha kadulidwe. Madokotala ankadula chibala chachikulu, pafupifupi theka la gawo loonekera la diso, ndipo maso ambiri ankaola. Cha m'ma 1865 iye anayamba kudula kabala kocheperako chakumwamba pogwiritsa ntchito kampeni kowonda komwe anakapanga yekha, ndipo maso otayika anachepa. Kampenika kanagwira ntchito m'zipatala kwa zaka pafupifupi 100. Odwala ake, akachotsedwa ng'ala, ankafunika magalasi ochindikala kwambiri, chifukwa kagalasi koika m'diso komwe amaika lero kanayamba mu 1949 ndi Harold Ridley ku London.

Mu September 1857 anaitana anzake ochepa ku Heidelberg kuti akambirane za ntchito yawo. Kukumanaku kunkachitika chaka ndi chaka mpaka kunasanduka bungwe la madokotala a maso a ku Germany, lomwe lilipobe. Ndi pa msonkhano wa bungwe lomweli pomwe nkhani ya Koller ya cocaine inawerengedwa. Ophunzira ake anamwazikana n'kukakhala mizati kwawo: Johann Friedrich Horner ku Zürich, Douglas Argyll Robertson ku Edinburgh, Julius Hirschberg ku Berlin komweko. Tchati cha zilembo chomwe timawerenga kuchipatala chinatuluka m'gulu lomweli la abwenzi, mu 1862, kuchokera kwa Herman Snellen yemwe ankathandizira Donders ku Utrecht.

Boma la Prussia lokha ndi lomwe linachedwa kumuzindikira. Maso ankatengedwa ngati kagawo chabe ka ntchito ya madokotala a opaleshoni, ndipo akuluakulu sankafuna kusiya gawolo. Munthu yemwe odwala ankamulondola kuchokera m'mayiko akutali anakhala pulofesa wathunthu mu 1866, ndipo anapatsidwa wodi ya maso pachipatala chachikulu cha Charité mu 1868, atatsala ndi zaka ziwiri zokha za moyo. Chaka cha 1866 chomwecho kolera itavuta ku Berlin, iye anathandiza nawo odwala ndipo, monga mwa chizolowezi chake, analembanso zomwe anaona m'maso mwawo.

Chifuwa

Mu 1861, ali ndi zaka 33 komanso ali pachibwenzi ndi Anna Knuth, mtsikana wa m'banja lachifumu laling'ono la ku Denmark, Graefe anadwala kwambiri m'chifuwa ali ku Baden-Baden. Anna anamudwazika kwa miyezi mpaka anadzuka, ndipo anakwatirana mu 1862. Matendawo anali TB, koma nthawi imeneyo palibe ankadziwa kuti imayamba ndi kachilombo kapena kuti imapatsirana kudzera mumpweya. Chithandizo chinali kupuma ndi mpweya wa kumapiri.

Kupuma n'komwe sankakudziwa. Tsiku lake linkayamba ndi kuphunzitsa, kenako opaleshoni, kenako mzere wa osauka, madzulo odwala olipira, usiku kulemba. Ankapita ku Heiden, kamudzi ka m'mapiri a Switzerland, kuti akapume, koma odwala ankamutsatira komweko mpaka hotela yomwe ankagona inasanduka chipatala cha maso nyengo iliyonse akabwera. Ine ndimaona kuti apa panali kuuma mutu kochuluka ngati chifundo, ndipo anzake ankamuchenjeza. Banja lake linakumananso ndi zowawa: mwa ana awo asanu, awiri anamwalira ali makanda.

M'zaka zomaliza ankatsokomola kwambiri, mawu ankatha, ndipo ankadalira morphine kuti athe kuimirira pa opaleshoni. Anamwalira ku Berlin pa 20 July 1870, tsiku limodzi dziko la France litalengeza nkhondo ndi Prussia, kotero maganizo a mzinda wonse anali pa asilikali opita kunkhondo. Anna, yemwe naye anali atadwala TB, anamwalira mu 1872 ali ndi zaka 30, n'kusiya ana atatu amasiye.

Madokotala ochokera m'mayiko osiyanasiyana anasonkha ndalama ndipo mu 1882 anamuimikira chipilala pafupi ndi chipatala cha Charité, chosemedwa ndi Rudolf Siemering. Graefe waimirira atagwira ophthalmoscope m'dzanja, mbali imodzi kuli odwala akubwera atamangidwa maso, mbali inayo akuchoka akuona. Pa 24 March chaka chomwecho, mumzinda womwewo, Robert Koch analengeza kuti wapeza kachilombo koyambitsa TB, n'chifukwa chake tsikuli timakumbukira matendawa chaka chilichonse. Mankhwala oyamba ochiza TB, streptomycin, anafika m'zaka za m'ma 1940. Bungwe la ku Heidelberg lija linakhazikitsa mendulo ya dzina la Graefe, ndipo woyamba kuilandira mu 1886 anali Helmholtz, amene anaipatsidwa kuchokera m'manja mwa Donders.